Zolemba za ntchito: perefyumu wa muzu wa vetiva

Januwale, kumayambiriro

Ntchito yalowa. Kampani ina yaing'ono ikufuna perefyumu mmodzi wozikidwa pa vetiva, udzu wa mizu yonunkhira, woti azidzithira amuna ndi akazi omwe. M'kalata imene anditumizira, mawu ofunika ndi anayi okha: akhale wouma, waukhondo, wopepuka, wokhalitsa. Atatu oyambawo amamvana. Liwu lachinayilo ndilo lidzandisowetse tulo, chifukwa fungo limamveka lopepuka pamene likuuluka msanga, ndipo limene limakakamira pakhungu mpaka madzulo nthawi zambiri limakhala lolemera.

Pamwamba pa zofuna zawozo ndaikapo lamulo langa: fomula isapitirire zipangizo 20. Kwa amene sali m'ntchitoyi, 20 ingamveke yambiri. M'makampani akuluakulu a zonunkhira munthu amasankha pa zipangizo zoposa 1,000, ndipo fomula ya mizere 60 kapena 80 si yachilendo. Mzere uliwonse, kutanthauza chipangizo chimodzi, umalowa ndi chifukwa chomveka pa tsiku limene walowalo. Uwu ufewetse apa, uwu ubise kuwawa kwa winawo, uwu aukonda a zamalonda. Pakatha miyezi palibe amene angakuuzeni ntchito ya theka la mizereyo, ndipo aliyense amaopa kuchotsapo ngakhale umodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Maganizo a fomula yaifupi sindinawayambe ine. Jean-Claude Ellena, amene anabadwira ku Grasse ku France mu 1947 ndipo anali wopanga perefyumu wa kampani ya Hermès kuyambira 2004 mpaka 2016, anachepetsa dala zipangizo zake kuti zisapitirire 200, pamene anzake ankasangalala ndi kuchuluka kwa mabotolo. Mu Eau Parfumée au Thé Vert, perefyumu amene anapangira kampani ya Bulgari mu 1992, fungo la tiyi analimanga makamaka pa hedione ndi ionone, zinthu ziwiri zopangidwa m'labotale. Mphuno imalumbira kuti yamva tiyi. Amene anamutsogolera pa njirayi ndi Edmond Roudnitska. Duwa la muguet silitulutsa mafuta oti n'kuwagwiritsa ntchito ngakhale mulitcheze motani, choncho Roudnitska analibzala m'munda mwake ku Cabris, n'kumalinunkhiza likamachita maluwa, mpaka analimanganso ndi zipangizo zina mu perefyumu wake Diorissimo wa 1956.

Chimene ndinatola kwa anthu awiriwa n'chakuti ubongo suwerenga zonse zimene zili m'fungo. Umagwira zizindikiro ziwiri kapena zitatu, n'kudzimalizira wokha chithunzicho. Wopanga perefyumu akazipeza zizindikirozo, zotsalazo ndi katundu wongolemetsa. Ntchito ino ndikufuna iyesere maganizo amenewa pa chipangizo chimene chokhacho chili kale ndi khamu la fungo mkati mwake.

Januwale, kumapeto

Mafuta a vetiva afika, a ku Haiti ndi a ku Java, chilumba cha ku Indonesia.

Vetiva ndi udzu wochokera ku India, kumene amautcha khus. Masamba ake alibe fungo loti n'kuwatchezera. Chuma chili kumizu, imene imalowa pansi molunjika mamita awiri kapena atatu, n'chifukwa chake alimi m'mayiko ambiri amaubzala kuti ugwire nthaka. Mizuyo amaikumba ikakhwima, kuitsuka, kuiyanika, kenako kuitcheza ndi nthunzi kwa maola ambiri, popeza zonunkhira zake n'zolemera ndipo sizituluka mwachangu. Pafupifupi theka la mafuta a vetiva a padziko lonse limachokera ku Haiti, makamaka kumwera, chakufupi ndi Les Cayes.

Mafutawo ndi okhuthala, ofiirira. Dontho limayamba lalendewera kunsonga kwa kachubu, likukula pang'onopang'ono, lisanagwere m'botolo lili pasikelo. Sindiwanunkhiza osasungunula. Galamu imodzi ya mafuta, magalamu 9 a ethanol, kukhutchumula, kudikira. Kenako kapepala konunkhizira: ndimalemba dzina ndi nthawi ndi pensulo kumapeto kumodzi, kuviika nsonga inayo pang'ono chabe, n'kuipinda kuti isakhudze tebulo. Kununkhiza kwake n'kwakufupikufupi, kawiri kapena katatu, n'kuchotsa. Munthu akamakoka mpweya wautali ngati akufuna kumeza kapepalako, mphuno imatseka.

A ku Haiti amayamba ndi kakuwawa ka khungu la manyumwa, kobiriwira, kozizira. Pakapita ola kamtedza kamatulukira, ndipo mawa lake pakapepala pamatsala mtengo wouma, woyera. A ku Java ndi ena ndithu. Utsi uli guu kuyambira pachiyambi, wochokera ku kutentha kwambiri potcheza, ndipo pansi pake pali chikopa ndi dothi. Amakoma, komatu ali ndi mwano. Kalata ikufuna ukhondo, ndiye msana wa perefyumuyu ukhala wa ku Haiti. A ku Java ndawasunga pambali, chifukwa vetiva wopanda kamdima konse amamveka ngati sopo.

Ndanunkhizanso maperefyumu a vetiva amene anatsogola, kuti ndidziwe malo amene ali kale ndi eni ake: wa Carven wa 1957, wa Givenchy wa 1959, wa Guerlain wa zaka zomwezo wokhala ndi fodya pansi pake, ndi Encre Noire wa Lalique wa 2006, amene Nathalie Lorson anamudetsa dala. Pakati pa onsewa mpata ulipo kumbali ya kuwala.

Febuluwale

Mwezi uno wapita ndi kuyeza ziwiriziwiri. Njirayi ndi ya Jean Carles, amene anayambitsa sukulu ya opanga perefyumu ku kampani ya Roure ku Grasse mu 1946. Umatenga zipangizo ziwiri n'kuzisakaniza 9 kwa 1, 8 kwa 2, 7 kwa 3, mpaka 5 kwa 5, n'kununkhiza chilichonse. Penapake pamndandandawo zinthu ziwirizo zimaleka kumveka ziwiri, pamatuluka chachitatu chimene sichinali m'botolo lililonse. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo achinyamata ambiri amailumpha. Ine sindinapezebe njira ina yodziwira chipangizo kupatula kuchiika pafupi ndi chinzake n'kuona chimene chichite.

Funso la mwezi uno linali lakuti: kakuwawa ka manyumwa kamene kali kale mu vetiva wa ku Haiti, ndingakatalikitse bwanji? Kufanana kwa ziwirizi si kwangozi. Mu vetiva muli alpha-vetivone, ndipo m'manyumwa muli nootkatone, ndipo kapangidwe ka ziwirizi ndi kapachibale kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti mafuta enieni a khungu la manyumwa sathandiza. Pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a mafutawo ndi limonene, yemweyo wa m'malalanje, ndipo amauluka m'mphindi zochepa. Chimene chimachititsa manyumwa kumveka manyumwa ndi nootkatone uja pamodzi ndi kachinthu ka sulufule kochepetsetsa, koti pakokha kamanunkha thukuta. M'malo mwa mafutawo ndagwiritsa ntchito methyl pamplemousse, chipangizo cha m'labotale cha fungo la manyumwa, amene amasunga kuwawako nthawi yotalikirapo. Pa 8 kwa 2 ndi pamene zinagwirana. Vetiva anamveka ngati wasendedwa khungu, mkati muli mbee.

Pamenepo ndinayamba kumanga: tsabola wapinki pang'ono kuti pamwamba, fungo loyamba kumveka, pathetheke, bergamot (chipatso cha banja la malalanje), hedione kuti pakhale mpweya pakati pa zipangizo, mkungudza, ndi Iso E Super, chipangizo cha m'labotale cha fungo la mtengo.

Mtsikana amene ndikumuphunzitsa ntchito ananunkhiza kapepalako, n'kukhala chete kanthawi.

"Bambo, ndinene?"

"Nena, ndi chimene wabwerera."

"Akukoma. Koma ndikumva Terre d'Hermès."

Sananame. Manyumwa, tsabola, mkungudza, vetiva ndi Iso E Super wambiri ndiyo njira imene Ellena anadutsa popanga perefyumu ameneyo mu 2006, ndipo aliyense woyenda ndi zipangizo zimenezo amakatulukira pakhomo pake. Apa ndi pamene pali msampha wa kukonda katswiri wina. Fomula yake njosavuta kuipeza. Masiku ano makina a gas chromatography amagawa perefyumu aliyense n'kukuuzani zambiri zimene zili mkati, ndipo msika wadzaza ndi ana a maperefyumu otchuka. Chimene makinawo sangakupatseni ndi chifukwa chimene mwiniwake anasiyira zinthu zina kunja. Kwa Ellena ndikufuna kutenga chizolowezi chofunsa mzere uliwonse ntchito yake. Fungo lake likhale lake. Mkungudza ndauchotsa wonse, Iso E Super ndamutsitsa kwambiri, ndipo pamalo pake ndaikapo kadontho ka vetiva wa ku Java. Chibale chija chatha, ngakhale kuti pakati patsala mpata woti nditseke.

Malichi, sabata yoyamba

Kanthu kakang'ono ka kagwiridwe ka ntchito, popeza anthu amafunsa. Zoti khofi amatsuka mphuno ndi nkhambakamwa ya m'masitolo. Khofi ndi fungo linanso, lamphamvu, lowonjezera pa zimene zakutopetsani kale. Mphuno ikatopa ndimanunkhiza mkono wa malaya anga kapena kutuluka panja. Zigamulo zonse zazikulu ndimazipanga m'mawa. Madzulo ndi oyeza pasikelo ndi kulemba, ntchito zosafuna mphuno.

Ionone ali ndi khalidwe lakelake: ukamununkhiza kawiri katatu amazimiririka, n'kudzabweranso pakapita mphindi. Ndikumuyesa kuti atseke mpata wa mkungudza uja, chifukwa ali ndi kafumbi kofewa kogwirizana ndi mizu, koma pamafunika kudekha naye. Munthu wosamudziwa amangowonjezera, poganiza kuti wachepa.

Malichi, pakati

Tinakumana ndi amayi eni kampani kuti amve pamene tafika. Anakonda njira yake. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera.

"Achimwene, makasitomala athu amakonda zachilengedwe. Sizingatheke kuti zonse zikhale zochokera ku zomera, popanda za m'labotalezi?"

"Zingatheke, amayi. Koma perefyumu amene mwamukondayu sakhalapo."

Ndinawafotokozera motalika, ndipo ndilemba pano chifukwa nkhaniyi imabwera pa ntchito iliyonse. Luso limene tikulidziwa lero linabadwa pamodzi ndi zipangizo za m'labotale. William Henry Perkin anapanga coumarin, wa fungo lotsekemera la udzu wouma, mu 1868, ndipo mu 1882 Paul Parquet anamuika mu Fougère Royale wa Houbigant, amene anabala banja lonse la maperefyumu a amuna. Vanillin, wa fungo la vanila, anapangidwa mu 1874, ndipo ali mu Jicky wa Aimé Guerlain wa 1889. Ma aldehyde ndiwo anawalitsa Chanel No 5 wa Ernest Beaux mu 1921. Hedione wa kampani ya Firmenich, amene ndikumudalira pano, anatchuka ndi Eau Sauvage wa Roudnitska mu 1966. Chotsani zimenezi, mwachotsa mbiri yonse ya zaka zoposa 100.

Palinso nkhani ya kapangidwe. Mafuta a chomera ali ndi zinthu mazana mkati mwake. Vetiva yekha ali ndi zoposa 100. Mukasakaniza mafuta oterewa khumi, mwasakaniza makamu khumi, ndipo chotuluka nthawi zambiri chimakhala cholemera, chamatope, chofanana ndi cha mnzanu amene anachitanso chimodzimodzi. Chipangizo cha m'labotale ndi mzere umodzi wowongoka. Ndicho chimatsegula malo kuti chachilengedwecho chioneke. Vetiva wanga amamveka vetiva kwambiri akakhala ndi hedione pambali pake kusiyana ndi akakhala yekha.

Zoti chachilengedwe sichivulaza si zoona ayi. Mafuta a bergamot ali ndi bergapten, amene amawotcha khungu munthu akapita padzuwa, n'chifukwa chake timagula ochotsedwa kale chinthucho. Ndere za oakmoss, zimene zinali maziko a Chypre wa Coty wa 1917, zili ndi atranol ndi chloroatranol, ndipo mayiko a European Union anaziletsa ziwirizi chifukwa cha ziwengo. Kumbali ya chilengedwe chenichenicho, kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi imadya matani atatu kapena anayi a maluwa, ndipo musk wakale, chonunkhira cha ku nyama, ankachokera ku kagwape ka kumapiri a ku Asia, kamene ankachita kukapha. Sindinyoza zachilengedwe. Chipangizo chachikulu m'perefyumuyu ndi muzu wokumbidwa ndi manja, ndipo palibe labotale imene yaulowa m'malo. Chimene ndimakana ndi kusankha chipangizo poyang'ana kumene chinabadwira m'malo mwa ntchito imene chikugwira.

Amayiwo anavomera, koma anapempha kuti pabokosi palembedwe kumene vetivayo wachokera. Pempho labwino, ndipo ndi loona.

Epulo

Ntchito yagawika pawiri. M'kope ndikuwatchula Wouma ndi Wofewa.

Wofewa ali ndi coumarin ndi kamtedza kokwezedwa, mbali imene Ellena anaiyendera mu Vétiver Tonka wa 2004. Aliyense amene wamununkhiza wamwetulira nthawi yomweyo. Wouma alibe chotsekemera chilichonse, ndipo vetiva ndamukweza mpaka wadutsa gawo limodzi mwa magawo asanu a fomula yonse. Anthu akamununkhiza amayamba akwinya nkhope, kenako amabwereranso kukapepalako. Kubwererako ndiko ndikukuwerengera.

Kukweza chipangizo chimodzi mopyola muyezo kuli ndi makolo ake. Germaine Cellier, mmodzi wa akazi oyamba kutchuka m'ntchitoyi, anaika galbanum, utomoni wa chomera wa fungo lobiriwira, wokwana magawo 8 pa 100 mu Vent Vert wa Balmain mu 1947, pamene anzake ankamugwiritsa ntchito mwa madontho. Mu Bandit wa 1944 anachita zomwezo ndi isobutyl quinoline, wa fungo la chikopa chowawa. Dominique Ropion mu 2002 anapanga Vétiver Extraordinaire wa kampani ya Frédéric Malle ndi vetiva wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Anthu amakonda kuika Cellier ndi Ellena mbali ziwiri zotsutsana, wina waphokoso, wina wonong'ona. Ine ndimawaona ali mbali imodzi. Onse awiri anasankha chinthu chimodzi choti anene, n'kukana kuchisungunula pofuna kusangalatsa aliyense. Wotsutsana nawo ndi perefyumu wa komiti, amene wadutsa m'manja mwa oyesa msika mpaka ngodya zonse zapalidwa. Palibe amene amamuda, palibenso amene amamukumbukira.

Malle uja anachita chinthu chimodzi chimene ndimachilemekeza. Atayamba kampani yake mu 2000, analemba dzina la wopanga perefyumu pabotolo. Kwa zaka zambiri anthuwa ankabisika kumbuyo kwa mayina a nyumba za mafashoni. Dzina likakhala pabotolo, pali munthu woti ayankhe chifukwa chimene galbanum wachulukira, ndipo munthu woyankha yekha amalimba mtima kuposa gulu.

Wofewa angagulidwe msanga, ndikudziwa. Koma kalata inati wouma. Ndatumiza onse awiri, ndipo ndalemba mosabisa mbali imene ndaima.

Epulo, kumapeto

Kuyesa kumodzi kumene sikunalowe, koma n'koyenera kulembedwa.

Popeza vetiva ndi muzu, zinali zachidziwikire kuyesa geosmin, chinthu chimene mabakiteriya a m'nthaka a mtundu wa Streptomyces amatulutsa, chimene timamva mvula ikagwa pa dothi louma. Mphuno ya munthu imamumva ngakhale atachepa kufika pa timagawo tochepa mwa thiriliyoni. Ku Kannauj ku India amalitchera fungo limeneli m'njira yawoyawo, potcheza dongo lowotcha n'kulikodwetsa m'mafuta a sandalwood. Ine ndinasungunula geosmin mpaka gawo limodzi pa 1,000, n'kuviika nsonga ya kachubu, kukhudzitsa kamodzi m'botolo la Wouma.

Chipinda chonse chinasintha. Wophunzira wanga anadzuka pampando.

"Bambo, mvula! Musachotse ameneyu, chonde."

Ndamuchotsa. Aliyense amene ananunkhiza ananena liwu lomwelo, mvula, n'kulekera pomwepo kununkhiza. Manyumwa, tsabola, utsi wa ku Java, zonse zinasanduka zoperekeza. Fungo likatchula dzina lake mokweza chotero, munthu amalizindikira, amasangalala, n'kutseka nkhani. Ndikufuna perefyumu woti munthu asamupezere dzina msanga. Komanso pakhungu, pakapita maola awiri, geosmin anayamba kupendekera ku chinyontho cha m'chipinda chotsekedwa, zimene sizigwirizana ndi ukhondo. Mtsikanayo ndamuuza alembe muyezowo m'kope lake. Ndi maziko a perefyumu wina, mwina wake.

Meyi

Asankha Wouma. Koma yankho labwera ndi dandaulo.

"Achimwene, ndimadzithira m'mawa, pofika masana sindikumumvanso. Mwana wanga akuti akumumva ndikamadutsa, koma ine ayi."

"Ndiye kuti akugwira ntchito, amayi. Mphuno yanu yamuzolowera."

Yankho limeneli ndi loona, koma silikwanira, chifukwa wogula amene sakumumva perefyumu wake sabweranso. Ubongo umaleka kulabadira fungo limene silikusintha, ndipo zipangizo za mamolekyu akuluakulu, monga Iso E Super ndi ma musk, ndizo zimazolowereka msanga. Kuwonjezera apo, mphuno zathu sizofanana. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya timalo tolandirira fungo. Linda Buck ndi Richard Axel ndiwo anatulukira banja la majini ake mu 1991, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 2004. Timaloti timasiyana munthu ndi munthu, moti alipo anthu amene musk wina samumva n'komwe, pamene mnzawo akuti wachuluka.

Njira yachidule ilipo, ndipo msika wonse ukuidziwa. Pali zipangizo za fungo la mtengo ndi amber zamphamvu zoopsa, monga Ambrocenide ndi Norlimbanol. Kadontho kokha, perefyumu amakhala pa malaya mpaka atachapidwa. N'chifukwa chake maperefyumu ambiri a zaka zino, ngakhale ayambe mosiyana, pofika madzulo onse amathera pa kukanda kumodzimodzi kwa kummero. Kukhalitsa kwasanduka muyezo wa ubwino, ngati kuti wolankhula nthawi yaitali ndiye wanena zanzeru. Ndinayesa pang'ono kuti ndisakane chinthu chosachiyesa. Anakhalitsadi. Koma pa ola lachitatu vetiva anali atachoka, patatsala chipangizocho chokha chikukuwa.

Ndadutsa njira yaitali. Gawo lina la vetiva ndalisintha ndi vetiveryl acetate, amene ndi vetiva yemweyo wokonzedwa kuti akhale wosalala ndi wowala, ndipo amagona pakhungu nthawi yaitali popanda dothi. Ambroxan, amene amapangidwa kuchokera ku chomera cha clary sage, walowa pang'ono kwambiri, pamlingo woti sumutchula koma ukamuchotsa umamusowa. Ma musk ndaika awiri a mabanja osiyana. Apa lamulo langa la kuchepetsa lagonja mwadala: ntchito yawo ndi imodzi, koma amene samva woyamba amve wachiwiri. Mzere wobwereza uli ndi malo ngati ungathe kunena chifukwa chake. Pomaliza, mafuta onse mu ethanol ndawakweza kuchoka pa magawo 12 kufika pa 15 pa 100. Kupitirira apo pamwamba panayamba kuphwanyika, manyumwa osathethekanso. Anthu amaganiza kuti kuwonjezera mafuta kumangowonjezera mphamvu, koma kumasintha ndi maonekedwe a fungolo.

Chimene chinathandiza kwambiri sichinali chowonjezera. Ndinachotsa bergamot yense. Ankapanga chiyambi chokoma, chodziwika, koma akachoka pakatha mphindi 20 munthu ankamva ngati perefyumu wagwa, ngakhale kuti zina zonse zinali zilipo. Popanda iye chiyambi n'chosaphokosera, ndipo kusiyana kwa m'mawa ndi masana kwachepa. Amayi aja ayesanso ndipo akuti tsopano amamumva akamasuntha mkono.

Juni

Fomula yaima pa mizere 16. Ndadutsamo komaliza ndi njira imene ndimatsekera ntchito iliyonse: kupanga timabotolo tating'ono, kalikonse kosowa mzere umodzi, n'kupempha wophunzira wanga atisokoneze kuti ndisadziwe kalikonse n'kati. Kamene sindingakasiyanitse ndi fomula yathunthu, mzere wakewo ulibe ntchito. Awiri anagwa motero, n'kutsala 16 ija, ndipo m'modzi mwa iwo anali ionone, amene ndinamuvutikira mwezi wa Malichi. Vetiveryl acetate atalowa, mpata umene ionone ankatseka unali utatsekeka kale.

Zotsala ndi za malamulo ndi kudikira. Fomula yapita kukaunikidwa ngati ikutsatira miyezo ya IFRA, bungwe la makampani a zonunkhira padziko lonse limene linakhazikitsidwa mu 1973, popeza vetiveryl acetate ali ndi malire ake. Kampaniyo ikufuna kugulitsanso ku Ulaya, ndiye chizindikiro chiyenera kutchula zinthu zoyambitsa ziwengo, zimene mndandanda wake unali ndi 26 ndipo mu 2023 unakulitsidwa kufika pafupifupi 80. Malamulo amenewa amasuntha. Lyral analetsedwa kumeneko mu 2021, Lilial mu 2022, zonse ziwiri zipangizo za fungo la muguet, ndipo maperefyumu ambiri a maluwa anachita kumangidwanso. Fomula yaifupi ili ndi phindu apanso: chipangizo chimodzi chikadzaletsedwa, ndidzadziwa ntchito imene chinkagwira ndi chimene ndikufunafuna m'malo mwake.

Mafuta osakanizawo akhala okha milungu ingapo, kenako mu ethanol milungu inanso, kuti zipangizo zigwirane. Vetiva amasintha kwambiri pa nthawi imeneyi, ukali wa pachiyambi umagona. Zikatero tidzaziziritsa ndi kusefa kuti perefyumu asachite chifunga m'botolo. Mabotolo ena oyesera ali m'kabati yotentha madigiri 40, ena pawindo, kuti tione ngati mtundu kapena fungo zisinthe. Chimene ndikuchiyang'anitsitsa ndi mbali ya manyumwa, chifukwa ndiyo imayamba kufooka ndi kutentha.

Vuto limodzi likadalipo. Mafuta a ku Haiti amene agulidwa ochuluka kuti apangire katundu weniweni si a ulendo umodzi ndi amene ndinayesera. Awa ali ndi kautsi kochulukirapo, zimene zimachitika ndi chilichonse chochokera m'munda. Ngati kusiyanako kudzamvekabe kudikira kukatha, vetiva wa ku Java adzatsika ndi theka kapena kuchokeratu, ndipo fomula idzakhala ya mizere 15. Ndidzanunkhiza mabotolo awiriwo moyandikana kumayambiriro kwa Julayi, ndisanasaine pepala lopita ku fakitale.